Nyumba ya mwini saotchera mbewa: za ma socket ndi mapulogalamu otha kusamuka

Sabata ino ndilemba nkhani imene ena anene kuti ndi ya akatswiri okhaokha, koma ine ndikuona kuti ikukhudza aliyense wophunzitsa Computer Studies, ngakhalenso amene ali ndi kagulu ka ana okonda makompyuta pasukulu pake. Funso lake ndi ili: mwana akafika poti akufuna kulemba pulogalamu yoti makompyuta awiri azilankhulana, timulowetse pakhomo liti? Pakhomo limene kampani ina inakhoma pa makina ake okha, kapena pakhomo limene aliyense ali ndi kiyi wake? Yankho langa ndineneretu kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu: tiyambe ndi ma socket ndi TCP/IP, zina zonse zibwere pambuyo. Koma nkhaniyi ili ndi makona ake, ndipo anzanga ena okonda Linux amaifupikitsa kwambiri mpaka kusanduka bodza.

Tiyambe tagwirizana mawu, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Choyamba ndi protocol, chilankhulo chimene chimayenda pawaya. Chachiwiri ndi API, mndandanda wa malamulo amene wolemba pulogalamu amaitana pofuna kuti kompyuta imutumizire uthenga. Ganizirani za positi ofesi. Kalembedwe ka keyala pa envelopu ndiye protocol, ndipo zenera limene mumaperekerapo kalatayo ndiye API. Nzotheka kuti kalembedwe ka keyala nkukhala kofanana dziko lonse, koma positi ofesi iliyonse nkukhala ndi fomu yakeyake yodzaza pazenera. Zikatero makalata amafika ndithu, koma inu otumiza mukasamuka tauni mumayambiranso kuphunzira. Pulogalamu yotha kusamuka ndi imene mukaichotsa pa kompyuta iyi nkuipititsa pa ina ya mtundu wina, imagwira ntchito popanda kuilembanso.

M'zaka za m'ma 1980 kampani yaikulu iliyonse inali ndi zonse ziwiri zakezake. IBM inali ndi SNA kuyambira 1974. Digital Equipment Corporation inali ndi DECnet. Novell inali ndi IPX/SPX, imene inkayendetsa NetWare m'maofesi ambirimbiri. Apple inatulutsa AppleTalk mu 1985. Pa makompyuta a DOS panali NetBIOS. Ndipo ndinene mosapsatira kuti zinthu zimenezi sizinali zinyalala. Pa AppleTalk munkangolumikiza printer, iyo nkuonekera yokha pa makompyuta onse, osalemba nambala iliyonse. IPX inkatenga keyala ya kompyuta kuchokera pa khadi la netiweki lomwelo. Aliyense amene anakhalapo Loweruka lonse akulemba ma IP address pa makompyuta makumi awiri, imodziimodzi, akudziwa kuti kumeneko kunali kukoma.

Nanga zili kuti lero? Novell yeniyeniyo inasamukira ku TCP/IP ndi NetWare 5 mu 1998. Windows Vista inabwera yopanda IPX. Apple inachotsa AppleTalk mu Mac OS X 10.6 mu 2009. Digital inagulidwa ndi Compaq mu 1998, Compaq nayo nkumezedwa ndi HP mu 2002. Munthu amene anathera zaka khumi akulemba mapulogalamu odalira zimenezi sanalakwe kanthu pa luso lake. Anangomanga nyumba yabwino pa malo a eni, eniakewo nkugulitsa malowo osamufunsa.

Tsopano ma socket. Anatuluka mu 1983 ndi 4.2BSD, mtundu wa Unix wopangidwa pa yunivesite ya California ku Berkeley ndi ndalama za DARPA, bungwe la kafukufuku la asilikali a America. Chinali chaka chomwecho chimene ARPANET inasamukira ku TCP/IP, pa 1 Januwale. Maganizo ake ndi osavuta moti mwana wa Fomu 3 amawagwira tsiku limodzi. Mumapempha socket ndi socket(). Ngati ndinu seva mumaipatsa keyala ndi bind(), mumatchera khutu ndi listen(), mlendo akagogoda mumamulandira ndi accept(). Ngati ndinu mlendoyo mumagogoda ndi connect(). Kenako send() ndi recv() mpaka nkhani itatha. Basi. Mawu amenewa akwanitsa zaka zoposa makumi anayi, ndipo foni ya Android imene ili m'thumba mwanu ikuwagwiritsa ntchito pompano, iPhone chimodzimodzi.

Ma socket anali ndi opikisana nawo, ndipo sanali wamba. AT&T, eniake a Unix, anatulutsa TLI mu System V Release 3, yomangidwa pa STREAMS, nzeru ya Dennis Ritchie amene anapanga chilankhulo cha C. Pambuyo pake gulu la X/Open linaikonza nkuitcha XTI. M'malo mwa socket() munkalemba t_open(), m'malo mwa connect() munkalemba t_connect(). Pa pepala inali yaukhondo kuposa ma socket, ndipo Apple inatengerako pomanga Open Transport ya makompyuta ake a m'ma 1990. Koma onani mmene inazilalira. Buku la W. Richard Stevens lotchedwa UNIX Network Programming, limene ambiri anaphunzirirapo ntchito imeneyi, linkaphunzitsa ma socket ndi TLI mu 1990, ma socket ndi XTI mu 1998, koma litatulukanso mu 2003 XTI munalibe. Linux sinalandire STREAMS m'kati mwake nkomwe. Mac OS X itabwera mu 2001, pansi pake panali ma socket a ku Berkeley.

Chifukwa chake sichinali chakuti komiti ina inalamula. Kwa zaka zambiri ma socket analibe ngakhale chikalata chowavomereza, analowa mu POSIX cha m'ma 2000 ndi 2001 nkhondo itatha kale. Anapambana chifukwa code yake inali poyera, mayunivesite anali nayo, makampani ankaloledwa kuitenga nkuiika m'katundu wawo, ndipo mapulogalamu amene anthu ankawafuna, monga ftp, telnet ndi sendmail, anali atalembedwa kale pa iwo.

Apa mpamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati chilichonse chotchedwa muyezo wa onse nchopambana. Mbiri ikukana. Muyezo umene maboma ankaukhulupirira m'ma 1980 unali OSI, wa bungwe la ISO. Boma la America linafika polamula kuti kuyambira 1990 maofesi ake azigula zida zodziwa OSI, koma pofika 1995 linabweza lamulolo. OSI sinali ya kampani imodzi, inali ya makomiti a mayiko ambiri. Vuto lake linali loti zikalata zake zinkagulidwa ndi ndalama, zinali zikuluzikulu, ndipo zinkalembedwa pulogalamu yogwira ntchito isanakhalepo. Zikalata za intaneti, ma RFC, aliyense ankazitenga ulere. RFC 791 ndi RFC 793 za mu 1981, zofotokoza IP ndi TCP, mpaka lero mungathe kuziwerenga osalipira tambala. Lero chimene chinatsala cha OSI m'makalasi mwathu ndi chithunzi cha magawo asanu ndi awiri chimene timaloweza ana. Ndimachiphunzitsa ndithu, koma ndimawauza kuti akuloweza mapu a mzinda umene sunamangidwe wonse.

Nkhani ya Windows ndi imene imandisangalatsa kwambiri. Windows 3.1 inalibe TCP/IP. Makampani angapo, monga FTP Software, Sun, Novell ndi NetManage, ankagulitsa TCP/IP yawoyawo ya makompyuta a PC, iliyonse ndi API yake. Onse ankalankhula protocol imodzi pawaya, koma mazenera anali osiyana, ndiye wolemba pulogalamu ankayenera kuilemba kangapo kapena kusankha kampani imodzi nkutaya makasitomala a enawo. Mu 1991 Martin Hall anaitanitsa anzake kuti agwirizane chimodzi, ndipo zotsatira zake zinali Winsock: chikalata choyamba mu 1992, Winsock 1.1 mu Januwale 1993. Anasankha kutsatira ma socket a ku Berkeley m'malo mopeka zawo. Peter Tattam wa ku Tasmania analemba Trumpet Winsock, imene inalowetsa anthu ambiri pa intaneti Windows 95 isanabwere ndi TCP/IP yakeyake. Netscape itatuluka mu 1994 sinafunikire kudziwa kuti munthu anagula TCP/IP kwa ndani. Opikisana pa malonda anakhala pansi nkuona kuti msika waukulu wa onse uli bwino kuposa timisika ting'onoting'ono totchingidwa ndi mipanda.

Koma musanyengeke kuti ndiye kuti pulogalamu ya C yolembedwa pa Linux ingoyenda pa Windows. Ayi ndithu! Pa Windows muyenera kuyamba mwaitana WSAStartup(), apo ayi palibe chigwire ntchito. Potseka simulemba close() koma closesocket(), chifukwa kumeneko socket si fayilo monga ilili pa Unix. socket() ikalephera pa Unix imabweza -1, pamene pa Windows imabweza INVALID_SOCKET, ndipo poti mtundu wa nambala yake sukhala ndi zochepera ziro, mwana amene analemba kuti "ngati yachepera ziro ndiye kuti zavuta" sadzaona vuto lililonse ngakhale zitavutadi. Chifukwa cha kulephera mumachipeza mu errno uku, ndi WSAGetLastError() uko. Choopsa kwambiri ndi SO_REUSEADDR, dzina limodzi lokhala ndi matanthauzo awiri. Pa Unix limathandiza seva kuyambiranso msanga pa port imene yangoisiya. Pa Windows lingalole pulogalamu ina kukwera pa port imene inu mukuigwiritsa ntchito, nchifukwa chake Microsoft inawonjezera SO_EXCLUSIVEADDRUSE. Ngakhale pakati pa abale a Unix pali kusiyana: mukalembera socket imene mnzanu watseka kale, pulogalamu yanu imaphedwa ndi SIGPIPE, ndipo mankhwala ake pa Linux ndi MSG_NOSIGNAL pamene BSD inabwera ndi SO_NOSIGPIPE.

Zili ngati mapulagi a magetsi. Kuno kwathu timagwiritsa ntchito a mano atatu amakona monga ku Britain, koma ketulo yochokera ku Johannesburg imabwera ndi mano obulungira. Magetsi ake ndi omwewo, mumangofunika adaputa. Vuto la adaputa ndi laling'ono, losiyana kutali ndi vuto loti chipangizo chonse chitayidwe. Kusiyana kwa Winsock ndi ma socket a Unix ndi kwa adaputa: mizere ingapo pamwamba pa fayilo. Kusiyana kwa IPX ndi TCP/IP kunali kotaya ketulo.

Pali kena kamene ndimakonda kuonetsa ana chifukwa kamawadabwitsa. Makompyuta sagwirizana pa kasungidwe ka manambala aakulu. A Intel amayamba ndi mbali yaing'ono ya nambala, pamene ena monga Motorola 68000 ndi SPARC amayamba ndi yaikulu. Danny Cohen analemba za mkangano umenewu mu 1980, ndipo pa intaneti anagwirizana zoyamba ndi mbali yaikulu. Ndiye mukalemba port 80 pa kompyuta ya Intel osaidutsitsa mu htons(), netiweki imawerenga 20480. Wolemba pa SPARC akaiwala htons() sankaona cholakwika chilichonse, chifukwa makina ake ankagwirizana kale ndi waya. Cholakwikacho chinkagona phee mpaka tsiku losamuka. Phunziro limene ana amatolapo nloti mawu akuti "pa kompyuta yanga ikugwira" si umboni wa kanthu.

Tsopano kwa abale anga a Linux. Pulogalamu yaulere ndi muyezo wa onse ndi zinthu ziwiri zosiyana. Seva ikamalandira alendo zikwizikwi nthawi imodzi, select() ndi poll() zimatopa, chifukwa nthawi iliyonse zimayendera mndandanda wonse kufunsa kuti ndani ali ndi mawu. Dan Kegel anatchukitsa vutoli mu 1999 ndi dzina loti C10K, kutanthauza alendo 10,000. Aliyense anapeza mankhwala akeake. FreeBSD inabweretsa kqueue mu 2000. Linux inabweretsa epoll mu 2002, kenako io_uring mu 2019. Windows inali kale ndi IOCP kuyambira m'ma 1990, ndipo kunena chilungamo inali patsogolo pa nkhani imeneyi. Code ya epoll mungathe kuiwerenga yonse ulere, komabe pulogalamu yolembedwa pa epoll siyenda pa Mac, ndipo njomangika pa Linux monga mmene ya IOCP imamangikira pa Windows. Chingwe chaulere nchingwebe.

Ndiye kodi tizikana zonsezi? Ayi. Amene amati liwiro ndi lofunika akunena zoona, ndipo seva ya banki singadikire kuti makomiti agwirizane. Chimene akatswiri amachita nkuika zonse za mwini m'chipinda chimodzi nkutseka chitseko. Ndiyo ntchito ya libevent, ndiponso libuv imene inabadwa mu 2011 pofuna kuti Node.js iziyenda pa Windows: pamwamba mumaona API imodzi, pansi ikusankha yokha epoll, kqueue kapena IOCP. Python ndi Java zimachita chimodzimodzi. Khasu la eni mungalimire ndithu, bola mukudziwa kuti ndi lobwereka ndipo simunapange mizere ya munda wonse potengera mpini wake.

Chinthu chimodzi chimene sindingachilolere ndi protocol yobisika. API ya mwini mungaibise kuseri kwa adaputa, koma chilankhulo cha pawaya chikakhala chachinsinsi palibe adaputa ingakuthandizeni. Andrew Tridgell wa ku Australia anayamba Samba cha m'ma 1992 pomvetsera zimene zinkadutsa pawaya, ndipo kwa zaka zambiri gulu lake linkachita kufufuza lokha mmene makompyuta a Windows amagawanirana mafayilo. Mu Malichi 2004 European Commission inalipiritsa Microsoft mayuro 497 miliyoni nkuilamula kuti iulule ma protocol amenewo. Khoti la ku Ulaya linagwirizana ndi chigamulocho mu Seputembala 2007, ndipo mu Disembala chaka chomwecho a Samba anapeza zikalatazo. Taganizani, panafunika mayiko a ku Ulaya onse pamodzi ndi zaka zamilandu kuti chitseko chimodzi chitseguke. Sukulu ya sekondale ya kumudzi ilibe loya. Chitetezo chathu chokha nkusalowamo poyamba pomwe.

Ndipo apa mpamene nkhaniyi imatikhudza ife kuposa anzathu a kumayiko olemera. Sukulu zathu zambiri sizisankha makompyuta. Timalandira zimene zabwera: ina ili ndi Windows yakale, ina wina anaikamo Ubuntu, pakona pali ka Raspberry Pi, ndipo ana ena ali ndi mafoni a makolo awo. Chaka chamawa kudzabwera zina zosiyana. Sukulu yolemera ikauzidwa kuti pulogalamu yake sigwiranso pa makina akale imagula atsopano. Ife tikauzidwa zomwezo ndiye kuti phunziro latha. Malaisensi amalipiridwa m'madola, ndipo tonse tikukumbuka Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kwa ife kusamuka kwa pulogalamu si nkhani ya chikhulupiriro, ndi nkhani yoti Lolemba m'mawa ana onse akhale ndi chochita.

Ena amandiuza kuti olemba ntchito amafuna munthu wodziwa zida za kampani yakutiyakuti, ndiye tiphunzitse zimenezo kuti ana apeze ntchito. Ndimawamva, ndipo sindinyoza satifiketi ya aliyense. Koma mwana wa Fomu 4 ali ndi zaka pafupifupi makumi anayi za ntchito patsogolo pake. Bwererani zaka makumi anayi m'mbuyo muone makampani amene ankalamulira netiweki: Digital kulibe, Novell inagulidwa mu 2011, ngakhale Sun imene inathandiza kufalitsa ma socket inagulidwa ndi Oracle mu 2010. Wodziwa chimene connect() imachita amaphunzira API ya kampani iliyonse m'sabata zochepa, chifukwa pansi pake amapeza zomwe akuzidziwa kale. Wodziwa mabatani a kampani imodzi yokha amayambira pa ziro.

Ngakhale m'kati mwa ma socket momwemo muli njira yosamuka ndi njira yomangika. Mabuku akale amaphunzitsa gethostbyname() ndi keyala ya manambala anayi. Keyala za IPv4 zili ndi ma bit 32, zimene zimapereka keyala pafupifupi mabiliyoni 4.3, ndipo nkhokwe yaikulu ya IANA inatha mu Febuluwale 2011. IPv6 ili ndi ma bit 128. Amene analemba ndi getaddrinfo(), imene inafotokozedwa kale mu RFC 2553 mu 1999, pulogalamu yake simasamala kuti keyala ndi yamtundu wanji. Kuyambira Juni 2016 Apple inayamba kukana mapulogalamu a iPhone olephera kugwira pa netiweki ya IPv6 yokhayokha, ndipo amene anamatirira njira yakale anatuluka thukuta. Aphunzitsi anzanga, tikamatenga zitsanzo m'mabuku otsalira m'laibulale tiziona chaka chimene anasindikizidwa.

Nkhondo yomweyi yangokwera chipinda cham'mwamba. Ana a masiku ano safunsa za IPX, amafunsa mmene angalembere pulogalamu yoyankha mauthenga pa WhatsApp kapena Facebook. Kumeneko API ndi ya mwini kotheratu. Mu Januwale 2023 Twitter inadula mapulogalamu a anthu ena monga Tweetbot ndi Twitterrific, amene eniake anawalera kwa zaka zoposa khumi, ndipo mwezi wotsatira inalengeza kuti API yake yaulere ikutha. Yerekezani ndi imelo: SMTP inalembedwa mu RFC 821 mu 1982, ndipo mpaka pano wa Gmail amalembera wa Yahoo osapempha chilolezo kwa aliyense. Uthenga wa SMS umachoka pa TNM kupita pa Airtel chifukwa onse amatsatira muyezo wa GSM. Sikuti zochokera kukampani nzoipa mwachibadwa. SSL inayambira ku Netscape nkusanduka TLS mu 1999, QUIC inayambira ku Google nkusanduka RFC 9000 mu 2021. Funso limene ndimafunsa ndi loti: mwiniwake atatopa nacho mawa, kodi munthu wina angathe kuchimanganso powerenga chikalata chopezeka kwa onse?

M'kagulu kathu ka makompyuta malamulo ndi ochepa. Timayamba ndi Python ndi gawo lake la socket, chifukwa fayilo yomweyo imayenda pa makina onse amene tili nawo. Mwana aliyense asanalembe code amalemba kaye pa pepala protocol yake, mauthenga ati apite ndipo yankho likhale lotani, kenako amapereka pepalalo kwa mnzake wa gulu lina kuti alembe mbali yachiwiri popanda kuona code ya woyambayo. Ziwirizo zikakana kulankhulana timayang'ana pepala tisanayang'ane code, ndipo kawirikawiri vuto limapezeka pamenepo: wina sananene kuti uthenga umathera pati. Chilichonse chogwira pa mtundu umodzi wokha wa kompyuta chimapita m'fayilo yakeyake, dzina lake lonena poyera kuti ndi cha Windows kapena cha Linux. Ndipo ntchito sindiichonga pa kompyuta imene inalembedwerapo. Wolemba pa Windows amaionetsa pa Ubuntu, wolemba pa Ubuntu amaionetsa pa Windows, seva ili pa ka Raspberry Pi kaja pakona. Amene apitirire ku C teremu ikubwerayi ntchito yawo yoyamba idzakhala kulemba adaputa ija, fayilo imodzi yobisa WSAStartup(), closesocket() ndi INVALID_SOCKET, kuti pulogalamu yotsalayo isadziwe nkomwe kumene ikugona.